Kubzala ndi Kusamalira Rozi ya Papa Meilland: Yambirani pa Dzina

Marozi ofiira alipo ambirimbiri, ndipo akakhala m'machubu ku nazale asanamasule, onse amaoneka chimodzimodzi: minga, masamba obiriwira, nthambi zitatu kapena zinayi. Ambiri mwa iwo akadzamasula mudzagunditsa mphuno pa duwa osamva kanthu. Papa Meilland ndi nkhani ina. Duwa limodzi lokha mukaliika m'botolo la madzi, aliyense wolowa m'chipindamo amafunsa chimene chikununkhira. Ndi rozi ya m'gulu la hybrid tea, yamaluwa akuluakulu ofiira modera, otambasuka masentimita 10 kapena kuposa akamasula onse, ndipo kawirikawiri nthambi imodzi imabala duwa limodzi.

Ndinene poyambirira kuti si rozi ya munthu wofuna kubzala n'kuiwala. Imagwidwa matenda a masamba msanga, ndipo chitsamba chake sichikongola kwenikweni, chimakhala chamiyendo italiitali ndi masamba ochepa kumunsi. Koma fungo lake limabweza thukuta lonse, ndipo n'chifukwa chake ndimalimbikitsa anthu kuti aibzale.

Choyamba, dziwani dzina ndi kumene linachokera

Rozi iyi inatulutsidwa ku France m'chaka cha 1963 ndi Alain Meilland. Papa Meilland anali agogo ake, a Antoine Meilland, mlimi wa marozi wa kufupi ndi mzinda wa Lyon. Mwana wa a Antoine, Francis, ndi amene anatchukitsa banjali padziko lonse ndi rozi ija yotchedwa Peace, koma anamwalira mu 1958 ali ndi zaka 46 zokha. Ntchito inatsala m'manja mwa mkazi wake Louisette ndi mwana wawo Alain, amene panthawiyo anali ndi zaka 18. Patangopita zaka zisanu, mdzukuluyo anatulutsa rozi yonunkhira kuposa zambiri zimene banjalo linali nazo, n'kuipatsa dzina limene agogo akewo ankadziwika nalo. A Antoine anakhala ndi moyo mpaka 1971, choncho duwalo analiona ndi maso awo. Mu 1974 rozi iyi inalandira mendulo ya James Alexander Gamble, imene bungwe la American Rose Society limapereka kwa marozi onunkhira kwambiri, ndipo mu 1988 bungwe la World Federation of Rose Societies linaiika pa mndandanda wa marozi okondedwa kwambiri padziko lonse.

Makolo ake ndi marozi awiri ofiira, onse onunkhira. Wina ndi Chrysler Imperial, wa ku America wa mu 1952, amene anapatsidwa dzina la galimoto. Winayo ndi Charles Mallerin, amene Francis Meilland anamutcha dzina la mphunzitsi wake pa ntchito yokwatitsa marozi. Mbiriyi ili ndi ntchito kwa wogula. Ku California, a Herbert Swim ndi a O. L. Weeks anakwatitsa makolo awiri omwewa n'kupeza marozi ena awiri, Mister Lincoln ndi Oklahoma, amene anatuluka mu 1964. Atatuwa ndi pachibale, amafanana kwambiri, ndipo amasokonezedwa kawirikawiri zikwangwani zikathothoka. Mister Lincoln amatalika kwambiri ndipo ndi wolimbirapo. Oklahoma amadera kwambiri, kutsala pang'ono kuda. Papa Meilland ali pakati, ndipo kwa ine fungo lake ndi lozama kuposa abale akewo. Ngati kwanu kumakhala chinyezi chambiri mumpweya nthawi yaitali, musachite manyazi kusankha Mister Lincoln m'malo mwake, simudzataya zambiri.

Tsopano kawerengedwe ka kachikwangwani. Rozi yamakono imakhala ndi mayina awiri. Loyamba ndi la malonda, limene limatha kusintha dziko ndi dziko. Peace ija ku France imatchedwa Madame A. Meilland, pokumbukira mayi ake a Francis; ku Germany ndi Gloria Dei, ku Italy ndi Gioia, ndipo dzina la Peace analipereka ndi a ku America mu 1945. Duwa n'lomwelo. Dzina lachiwiri ndi lolembetsa, limene silisintha kulikonse, ndipo zilembo zake zitatu zoyamba zimaimira amene anatulutsa mtunduwo: MEI ndi Meilland, KOR ndi Kordes, TAN ndi Tantau, AUS ndi David Austin. Mwachitsanzo rozi yoyera ya Iceberg, imene ku Germany amati Schneewittchen, dzina lake lolembetsa ndi KORbin. Choncho mukapeza kachikwangwani kolembedwa kuti Papa Meilland, yang'anani timawu tating'ono pansi pake. Tiyenera kuyamba ndi MEI. Kachikwangwani kongolembedwa kuti "rozi yofiira yonunkhira" sikakutsimikizirani kanthu.

Kusankha mbande

Njira yabwino ndi kugula chitsamba chili ndi duwa lomasula, m'mawa dzuwa litangoyamba kutentha, n'kulinunkhiza nokha. Papa Meilland weniweni safuna kuti muchite kufunafuna fungo.

Kenako weramani muone tsinde. Marozi ambiri otere amakhala omezanitsa: mizu ndi ya rozi ina yolimba, ndipo pamwamba pake anamezapo diso la Papa Meilland. Pamene anamezapo pamakhala chotupa ngati mfundo. Mfundoyo ikhale yolimba, yopanda ming'alu, ndipo pachokere nthambi zosachepera zitatu zonenepa kuposa pensulo, zobiriwira, zosakwinyika khungwa. Tembenuzani masamba muone kunsi. Chitsamba chimene chili kale ndi madontho akuda kapena ufa woyera pa nsonga chisiyeni.

Malo

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, ndipo feteleza kapena mankhwala sangakonze malo olakwika. Rozi iyi imafuna dzuwa la maola asanu ndi limodzi kapena kuposa pa tsiku, makamaka la m'mawa, chifukwa ndi limene limaumitsa mame pa masamba matenda asanalowe. Koma maluwa ofiira modera amakoka kutentha, ndipo kumalo otentha kwambiri dzuwa la masana limawaula timasamba ta duwa m'mphepete, n'kuchita bulauni ngati tapsa ndi moto. Kumalo otere funani pamene pamafika mthunzi kuyambira cha m'ma 2 kapena 3 koloko masana. Kum'mawa kwa nyumba kapena kwa mpanda nthawi zambiri kumakhala bwino.

Mphepo iziyenda. Musaipanikize pakona ya makoma awiri, ndipo isagundane ndi zomera zina. Siyani masentimita 80 mpaka mita imodzi kuchokera pa chitsamba china. Ikhale kutali ndi mitengo ikuluikulu, chifukwa mizu ya mtengo imalanda madzi ndi chakudya chonse. Ndipo poti mukuibzalira fungo, ikhale pamene mumadutsa tsiku lililonse, pafupi ndi khomo, zenera kapena pokhala panja.

Ngati pamalopo panali rozi ina kwa zaka zambiri, yatsopano imakula monyentchera. Sankhani pena, apo ayi chotsani dothi lakalelo muikepo lina.

Dzenje ndi kubzala

Kumbani dzenje la masentimita 50 m'lifupi ndi 50 kuya. Musanachite china chilichonse, lidzazeni madzi n'kulisiya. Mukapeza mawa lake madzi akadali chiimire, pamenepo mizu idzaola. Kwezani bedi ndi masentimita 20 kapena 30, kapena samukani. Dothi lapamwamba lisakanizeni ndi manyowa owolerana bwino kapena kompositi, gawo limodzi la manyowa pa magawo awiri a dothi. Manyowa aawisi amaotcha mizu. Marozi amakonda dothi la asidi pang'ono, pH ya pakati pa 6 ndi 6.5, koma ngati masamba ndi maluwa ena amakula bwino pamalopo musavutike nazo.

Mbande ya mizu yapoyera, yopanda dothi, iviikeni m'ndowa ya madzi usiku umodzi, dulani mizu yothyoka, muunjike kachulu ka dothi pakati pa dzenje n'kuyala mizu mozungulira kachuluko. Ya m'chubu ithirireni kaye, ng'ambani pulasitiki, ndipo muikhazike osaphwanya dothi lake.

Mfundo yomezera ija ikhale pati? Kumalo kumene nthaka imaundana ndi chisanu, ikwirireni masentimita 5 pansi. Kumalo ofunda ikhale pamwamba penipeni pa dothi, kuti muziiona. Gonekani ndodo pakamwa pa dzenje kuti muyeze bwino. Bwezerani dothi theka, thirani madzi kuti likhazikike, malizani kukwirira, tsenderani ndi manja, kenako konzani kambiya kozungulira n'kuthira ndowa yathunthu. Tsiku lomwelo chotsani kawaya ka chikwangwani pa nthambi, chifukwa nthambi ikanenepa kamaidula, ndipo dzinalo mulilembe pa kachitsulo kapena kapulasitiki kozika pansi. Lembani ndi pensulo. Inki ya maka imafufutika ndi dzuwa miyezi yochepa.

Madzi ndi chakudya

Thirirani pansi, m'mawa, osanyowetsa masamba. Malita 10 pa chitsamba kamodzi kapena kawiri pa sabata ndi abwino kuposa kuwaza pang'onopang'ono tsiku lililonse, chifukwa madzi olowa pansi amakokera mizu pansi. Kukatentha kwambiri, kapena ngati dothi ndi lamchenga, onjezerani. Pisani chala m'dothi: mukapeza pouma mpaka mfundo yachiwiri ya chala, nthawi yakwana. Phimbirani nthaka ndi udzu wouma, masamba kapena makungwa, kuchindikala masentimita 5 mpaka 8, koma musiye mpata wa chikhatho kuzungulira tsinde kuti lisaole.

Mbande yatsopano musaithire feteleza mpaka itaphuka masamba atsopano, patapita masabata pafupifupi asanu ndi limodzi. Kuyambira pamenepo muzidyetsa mukadulira, komanso maluwa a ulendo uliwonse akatha. Feteleza akhale wokhala ndi nayitrojeni, fosifolasi ndi potaziyamu, wothira pa dothi lonyowa, motalikira tsinde, n'kuthiriranso pambuyo pake. Musachulutse nayitrojeni. Amatulutsa mphukira zofewa zamadzimadzi, zimene nsabwe ndi matenda a ufa woyera amakonda, ndipo pa Papa Meilland vuto limeneli limaoneka msanga.

Kudulira

Kamodzi pachaka, kumapeto kwa nyengo yozizira maso asanayambe kutupa, chitsamba chimafuna kudulira kwakukulu. Chodulira chikhale chakuthwa ndi choyera. Yambani ndi nthambi zouma ndi zodwala. Kenako chotsani zoonda kuposa pensulo, ndi zimene zikulowera m'kati n'kumakhulana ndi zinzake. Zitsale zitatu mpaka zisanu zamphamvu, zoloza kunja, pakati pali pululu kuti mphepo izidutsa. Zimenezi zifupikitseni mpaka masentimita 40 kapena 50.

Kadulidwe kake n'kofunika kukaonetsetsa. Pa nthambi pali tizipsera pamene panali tsamba, ndipo pamwamba pa chipsera chilichonse pali kadiso kofiirira. Sankhani diso loyang'ana kunja kwa chitsamba, dulani mamilimita 5 pamwamba pake, mopendeketsa kuti madzi azitsetserekera kumbuyo kwa disolo. Yang'anani pamene mwadulapo: m'kati mukhale moyera mobiriwirako. Mukakhala mwabulauni, tsikani diso lina mpaka mupeze poyera. Mukamaliza, thotholani masamba akale onse otsala, sesani pansi, ndipo zinyalalazo musaziike pa kompositi.

Chaka chonse, duwa likafota lidulireni pamwamba pa tsamba loyamba la timasamba tisanu loyang'ana kunja. Pakatha masabata asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu pamabwera duwa lina. Mukafuna duwa lalikulu kwambiri, tsinani timaluwa ta m'mbali tidakali tating'ono, lapakati lokha litsale.

Pali mphukira ina imene muyenera kuidziwa, chifukwa ndi imene imabera chitsamba dzina. Imachokera pansi pa mfundo yomezera, pa mizu ya rozi ina ija. Imakula mwamphamvu, masamba ake amasiyanako mtundu ndi kukula, ndipo mukaisiya imalanda chakudya chonse mpaka Papa Meilland afe. M'mayiko ena amamezera pa rozi yotchedwa Dr. Huey, imene nayonso ndi yofiira modera, koma maluwa ake ndi ang'onoang'ono, amabwera kamodzi pachaka ndipo fungo n'lochepa. Mwini munda amangodabwa kuti rozi yake yasintha, kachikwangwani kakadali pomwepo. Musadalire kuwerenga timasamba. Fukulani dothi mutsatire mphukirayo mpaka pamene yachokera. Ikachokera pamwamba pa mfundo kapena pa mfundo penipeni, ndi nthambi yatsopano yabwino, isamaleni kwambiri. Ikachokera pansi, ithyoleni ndi dzanja pamene yamerera. Mukaidula ndi chodulira maso ake amatsala ndipo imaphukanso kawiri.

Matenda ndi tizilombo

Ufa woyera, umene m'mabuku amati powdery mildew, ndiwo mdani wamkulu wa rozi iyi. Umayambira pa nsonga zanthete ndi pakhosi pa duwa losamasula, masamba n'kupiringizika. Umabwera masana kukamafunda usiku n'kumazizira, makamaka mizu ikakhala ndi ludzu. Dulani nsonga zogwidwazo msanga, thirirani mokwanira, ndipo ukapitirira poperani mankhwala a salufa motsatira malangizo a pa paketi, koma osati tsiku lotentha kuposa madigiri 30 chifukwa amaotcha masamba. Madontho akuda amafuna kuti tsamba likhale lonyowa maola angapo, n'chifukwa chake kuthirira madzulo pamwamba pa masamba n'koipa. Tsamba lamadontho limachita chikasu n'kugwa. Litoleni lisagone pansi. Nsabwe zichotseni ndi chala kapena madzi amphamvu. Nyengo yotentha ndi youma masamba akayamba kutuwa, yang'anani kunsi kwake, mwina ndi akangaude ofiira. Tsukani kunsiko ndi madzi m'mawa masiku angapo motsatizana.

Kukolola fungo

Fungo la rozi limapangidwa m'timasamba ta duwa, ndipo limatuluka kwambiri duwa likamasula theka, m'mawa wofunda. Kukazizira kwambiri limabisala, masana otentha limauluka msanga. Zina mwa zinthu zimene mphuno imamva ndi geraniol, citronellol ndi nerol. Mu 2015 akatswiri a ku Saint-Étienne ndi Lyon anafalitsa kafukufuku m'magazini ya Science, mmene anayerekezera Papa Meilland ndi rozi ina ya a Meilland yosanunkhira kwenikweni, Rouge Meilland. Anapeza kuti timasamba ta duwa la Papa Meilland tili ndi enzayimu yambiri yotchedwa RhNUDX1, imene imathandiza kupanga geraniol, pamene mu inayo ndi yochepa. Tanthauzo lake kwa mlimi n'lakuti fungo ndi lobadwa nalo. Chisamaliro chimangolithandiza kutuluka, koma palibe manyowa amene anganunkhiritse rozi yosanunkhira.

Thyolani maluwa m'mawa kwambiri, timasamba tobiriwira tokuta duwa titapindikira pansi ndipo tsamba limodzi kapena awiri ofiira atayamba kumasuka. Pitani ndi ndowa ya madzi kumunda kuti nthambi ilowe m'madzi nthawi yomweyo. Pa chitsamba pazitsala masamba osachepera awiri a timasamba tisanu pansi pa pamene mwadula, ndipo chaka choyamba muzidula timapesi tatifupi kuti chitsamba chiyambe chalimba. M'nyumba chotsani masamba onse amene angamire, dulaninso kunsi, ndipo muzisintha madzi pakapita tsiku limodzi. Duwa la Papa Meilland silikhalitsa ngati marozi a m'mashopu a maluwa, amene ambiri anasankhidwa chifukwa cholimba paulendo osati chifukwa cha fungo, ndipo likamakalamba kufiira kwake kumapita ku pepo. Limanunkhirabe mpaka kuyoyoka.

Kuchulukitsa, ndi kutcha dzina rozi yanuyanu

Chitsamba chilichonse cha Papa Meilland padziko lapansi ndi chidutswa cha mbande imodzi yoyamba ya a Meilland, chofalitsidwa pomezanitsa kapena pozika nthambi. Mukadula nthambi yonenepa ngati pensulo imene yangomaliza kumasula, yotalika masentimita 20, n'kuizika mumchenga wonyowa pamthunzi, ikamera mizu idzakhala Papa Meilland ndithu, ngakhale kuti pa mizu yakeyake imakula pang'onopang'ono. Lembani dzina tsiku lomwelo, ndipo mukapatsa mnzanu mum'patse ndi dzina lomwe. Kumbukirani kuti mitundu yatsopano imakhala yotetezedwa ndi malamulo kwa zaka 20 kapena kuposa, ndipo kuichulukitsa kuti mugulitse kumafuna chilolezo cha mwini wake.

Njere ndi nkhani ina. Rozi yomera ku njere si Papa Meilland, ngakhale njereyo itachokera pa chitsamba chake; ndi mtundu watsopano umene sunakhalepo, ndipo kuitcha dzina la kholo lake ndi kusocheretsa anthu. Mukafuna kuyesa, tengani duwa lotsala pang'ono kumasula, chotsani timasamba take ndi tinthu tachikasu tonyamula mungu tisanathetheke, mawa lake pakani mungu wa rozi ina pakati pake ndi kaburashi, n'kuphimba ndi kapepala. Chipatso chimapsa pakatha miyezi pafupifupi inayi. Tsukani njere, zikulungeni m'kansalu konyowa, zikhale mufiriji miyezi iwiri, kenako fesani. Mbande zambiri zidzakhala zachabechabe, ndipo zimenezi n'zimene amakumana nazo ngakhale a Meilland, amene amafesa zikwizikwi kuti asankhe zochepa. Yokusangalatsani iyang'anireni zaka zingapo muone ngati fungo, mtundu ndi thanzi lake sizisintha.

Ikapambana mayeso amenewa mukhoza kuilembetsa. Kuyambira 1955, kaundula wa mayina a marozi padziko lonse amasungidwa ndi American Rose Society. Dzina lisakhale loti rozi ina ili nalo kale, lisakhale la Chilatini, lisapitirire zilembo 30, ndipo ngati ndi la munthu wamoyo pamafunika chilolezo chake. Polemba, dzina la mtundu limayamba ndi chilembo chachikulu ndipo limakhala pakati pa timikodolero timodzitimodzi, chonchi: Rosa 'Papa Meilland'. Adzakufunsani gulu lake, mtundu wa duwa, chiwerengero cha timasamba take, fungo, msinkhu wa chitsamba ndi makolo ake, choncho tsiku limene mukupaka mungu mangirirani kachikwangwani pa duwalo. Mumayamba kulemba kholo lobala njere, kenako chizindikiro cha ×, n'kumalizira ndi kholo lopereka mungu.